Tifunseni: AIPAC, Ndalama za Ndale ku America ndi Chidani cha pa Ayuda

Chiyambireni nkhondo ya ku Gaza mu Okutobala 2023, komanso chiyambireni achinyamata athu kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, makalata okhudza dziko limeneli achuluka. Ambiri akufuna kudziwa chimene chimachititsa America kuikira kumbuyo Israel, ndiponso mmene munthu angakambire nkhaniyi osagwera m'chidani cha pa Ayuda. Tasankhapo angapo.

Ndikuphunzira za ndale ku Zomba. Mnzanga wina m'kalasi ananena kuti bungwe la AIPAC linagula Nyumba ya Malamulo ya ku America. Aphunzitsi anangoti tikawerenge tokha. Kodi bungweli limagwira ntchito motani, nanga mphamvu zake n'zazikulu bwanji? (Wophunzira, Zomba)

Aphunzitsi anu sanakuzembeni, chifukwa zowerengazo zilipodi ndipo zili poyera. AIPAC, dzina lonse American Israel Public Affairs Committee, ndi bungwe la nzika za America lomwe linayamba m'zaka za m'ma 1950 motsogozedwa ndi Isaiah Kenen. Ntchito yake ndi yomwe kumeneko amati lobbying: kunyengerera aphungu kuti akonze malamulo kapena avote mokomera zimene iwe ukufuna. Ku America zimenezi n'zololedwa. Makampani a mankhwala, alimi a chimanga, okonda mfuti, mabungwe a apantchito, onse amatero. Lamulo la 1995, Lobbying Disclosure Act, limafuna kuti onyengerera olipidwa alembetse, ndipo masiku ano amapereka lipoti miyezi itatu iliyonse lonena ndalama zimene agwiritsa ntchito ndi mabilu amene akhala akuwatsata.

Mukayang'ana malipoti okhawo mudzadabwa. AIPAC imalemba pafupifupi madola 3 miliyoni pachaka. Bungwe la amalonda la US Chamber of Commerce lakhala likupitirira madola 60 miliyoni pachaka, ndipo onyengerera onse pamodzi anadutsa madola 4 biliyoni mu 2023. Ndiye kuti mphamvu za AIPAC sizili pamenepo.

Mbali ina zili mwa mamembala ake, amene ali m'madera pafupifupi onse a aphungu. Amamudziwa phungu wawo asanakhale n'komwe phungu, amamuitana ku zochitika, amamuimbira foni tsiku lovota likayandikira. Bungwe lina logwirizana nalo limatengera aphungu, makamaka atsopano, ku Israel nthawi ya tchuthi. Koma mbali imene yakula kwambiri ndi ya ndalama za chisankho. Kwa zaka zambiri AIPAC sinkapereka yokha ndalama kwa opikisana, ngakhale anthu oikonda ankapereka paokha. Kumapeto kwa 2021 inasintha n'kukhazikitsa thumba lopereka kwa opikisana mwachindunji, kenako lina lotchedwa United Democracy Project. Lachiwirili ndi la mtundu umene unaloledwa pambuyo pa chigamulo cha khoti lalikulu la America cha 2010 pa mlandu wa Citizens United: lingathe kuwononga ndalama zopanda malire pa zotsatsa za pa TV ndi makalata, bola lisapereke m'manja mwa wopikisanayo kapena kupangana naye.

Ndalamazi zimaluma kwambiri pa chisankho cha chipulula, pomwe ovota amakhala ochepa. Mu 2024 thumba la United Democracy Project linawononga madola oposa 14 miliyoni polimbana ndi phungu Jamaal Bowman ku New York, ndi oposa 8 miliyoni polimbana ndi Cori Bush ku Missouri. Onse awiri anagwa. Zotsatsa zambirizo sizinkatchula n'komwe za Israel, zinkakamba za mmene aphunguwa anavotera pa nkhani za kwawo. Phungu wina aliyense amaona zimenezi n'kuwerengera yekha. Kunena kuti AIPAC ndi limodzi mwa mabungwe oopedwa kwambiri ku Washington pa nkhani za kunja si chidani, ndi zoona.

Koma mawu oti "linagula" sagwirizana ndi mbiri. Mu 1981 AIPAC inalimbana ndi Pulezidenti Ronald Reagan kuti asagulitse ndege zaukazitape za AWACS ku Saudi Arabia, ndipo inagonja mu Senate ndi mavoti 52 kwa 48. Mu 1991 George Bush wamkulu anachedwetsa chikole cha ngongole ya Israel ya madola 10 biliyoni chifukwa cha midzi imene Israel inkamanga m'madera olandidwa. Mu 2015 AIPAC inalephera kuletsa pangano la Barack Obama ndi Iran pa za nyukiliya. Mu 2022 Summer Lee anapambana chipulula ku Pennsylvania ngakhale anathiridwa ndalama zomugwetsa. Kawirikawiri pulezidenti akatsimikiza mtima pa chinthu chimene akuchiona kuti n'chachikulu, bungweli limagonja.

Palinso zifukwa zina zimene mnzanuyo wazidumpha. Thandizo lalikulu la zida linakula pambuyo pa nkhondo za 1967 ndi 1973, pamene Egypt ndi Syria zinkadalira Soviet Union. Pangano la 2016 limapatsa Israel madola 38 biliyoni pa zaka khumi, kuyambira 2019 mpaka 2028, ndipo gawo lalikulu limabwerera ku America kukagula zida kwa makampani monga Lockheed Martin ndi Boeing, amene ali ndi mafakitale ndi ovota m'madera ambiri. Kenako pali Akhristu, amene tiwakamba m'munsimu.

Alamu anga atumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la banja wonena kuti Ayuda ndiwo eni mabanki, manyuzipepala ndi boma la America, ndipo akuti pali chikalata cha msonkhano wawo wachinsinsi chotsimikizira zimenezi. Ndiwayankhe chiyani? (Mayi wa ku Johannesburg)

Mayi, chikalatacho timachidziwa, ndipo n'chabodza. Chimatchedwa Protocols of the Elders of Zion. Chinatuluka koyamba ku Russia mu 1903. Mu 1921 mtolankhani Philip Graves wa nyuzipepala ya The Times ku London anaika ndime zake pambali pa ndime za buku la Maurice Joly la 1864, n'kuonetsa kuti zinakoperedwa. Buku la Joly linali lonyoza Napoleon III, mfumu ya France, ndipo silinkakamba za Ayuda ayi. Wopekayo anangochotsa mfumu n'kuikapo Ayuda. Ngakhale bodza linaululika, Henry Ford, mwini kampani ya magalimoto ya Ford, anachifalitsa ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo chipani cha Nazi chinachigwiritsa ntchito pokonzekeretsa anthu ku kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo uthenga wa alamu anuwo wadutsa m'manja ambiri kwa zaka zoposa 120.

Nkhani ya Myuda ndi ndalama ndi yakale kuposa pamenepo. Ku Ulaya, m'madera ambiri Ayuda ankaletsedwa kukhala ndi malo olima kapena kulowa m'magulu a amisiri, pamene mpingo unkaletsa Akhristu kubwereketsa ndalama za katapira. Ena mwa Ayuda analowa ntchito imeneyo, mafumu n'kumawadyera msonkho. Ngongole zikachuluka, mkwiyo unkagwera obwereketsawo. England inawathamangitsa mu 1290.

Alamu anuwo musawanyoze, afunseni zinthu zoti angathe kuyankha. Banki iti? Mwini wake ndani? Mabanki aakulu a ku America ndi makampani a masheya, ndipo eni masheya ambiri ndi mathumba a penshoni ndi makampani osunga ndalama za anthu mamiliyoni. Akatchula Myuda mmodzi wolemera, afunseni chimene chikusonyeza kuti akuchita zimenezo mopangana ndi Ayuda anzake, osati ngati wolemera wina aliyense. Ayuda ndi anthu pafupifupi awiri pa 100 alionse ku America, ndipo amakangana okhaokha pa za Israel kuposa mmene inu ndi alamu anu mungakanganire.

Poti muli ku South Africa, akumbutseninso za Fatima Hajaig. Mu Januwale 2009, ali wachiwiri kwa nduna ya zakunja, ananena pa msonkhano ku Lenasia kuti America ndi mayiko a Azungu ali m'manja mwa ndalama za Ayuda. Anakakamizika kupepesa, m'boma lomwe limadziwika ndi kuikira kumbuyo anthu a ku Palestine.

Ndimayendetsa pulogalamu ya zokambirana pa wailesi ya m'dera. Anthu akamaimba foni pa za Gaza ndimasowa podulira. Ndingazindikire bwanji kuti munthu wachoka pa kudzudzula boma n'kuyamba kunyoza mtundu? (Muulutsi, Mchinji)

Bambo, khutu lanu likhale pa mwini wa chiganizo. Woimba akati "AIPAC", "boma la Netanyahu", "asilikali a Israel" kapena "maseneta amene anavotera zida", akukamba za anthu ndi mabungwe oti mungawafufuze ndipo angathe kudziyankhira. Akati "Ayuda", waloza dokotala wa ku Chicago ndi gogo wa ku Cape Town amene sanavotepo ku Israel. Kusinthaku kumachitika pakati pa chiganizo, nthawi zina woyankhulayo osazindikira. Musamudule, mubwezeni: "Mukunena bungwe liti?" Wodziwa nkhani amatchula. Amene amayankha kuti "onsewo ndi amodzi" wakuonetsani pamene waima. Samalaninso ndi mawu oti "Mazayoni" kapena "a Zionist". Akamanena za otsatira mfundo ya ndale yakuti Ayuda akhale ndi dziko lawo, palibe vuto. Akamati a Zionist ndiwo eni mabanki a dziko lonse, angosintha dzina, katundu ndi yemwe uja.

Chachiwiri, mverani mneni. Kunyengerera, kupereka ndalama, kuopseza phungu ndi chipulula, zonsezi zili ndi umboni ndiponso malire. "Kulamulira mobisa", "kukoka zingwe", "kugwira dziko m'maso" n'zopanda malire, ndipo umboni uliwonse wotsutsa amausandutsa chizindikiro chakuti chinsinsicho n'chozama. Mu Seputembala 1941, ku Des Moines, woyendetsa ndege wotchuka Charles Lindbergh ananena kuti Ayuda ndi amodzi mwa magulu atatu okankhira America ku nkhondo, ndipo anati kuopsa kwawo kuli pa mphamvu zawo m'mafilimu, manyuzipepala, wailesi ndi boma. Mukamva kalembedwe kameneka lero, dziwani kuti n'kobwereka.

Zojambula nazo zimanyamula katundu yemweyu. Mu Epulo 2019 The New York Times inapepesa chifukwa cha katuni yoonetsa Netanyahu ngati galu wotsogolera Trump wakhungu atavala kachipewa ka Chiyuda. Ngati wailesi yanu ili ndi tsamba la Facebook, musaikepo zithunzi za mphuno yokhota, zikwama za ndalama, kapena dzanja logwira zingwe za zidole.

Chachitatu, chomwe ambiri sachizindikira, ndi mlandu wa mapanga awiri: kunena kuti Myuda wa ku America kapena ku Britain mtima wake weniweni uli ku Israel, choncho sangakhulupirike. Mlandu umenewu ndi umene unamangitsa msilikali Alfred Dreyfus ku France mu 1894 pa bodza loti ndi kazitape wa Germany. Kazitape weniweni analipo m'mbiri ya America, Jonathan Pollard, amene anagwidwa mu 1985, koma uwo ndi mlandu wa munthu mmodzi wokhala ndi dzina ndi umboni. Mwambi woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ndi wa padengu, si wa anthu. Akuluakulu amene akumvera pulogalamu yanu akukumbukira 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo powaganizira kuti akuphunzitsa mwadala moperewera ana a zigawo zina. Palibe anafunikira umboni pa mphunzitsi aliyense payekha, kwawo kokhako kunakwanira.

Nkhani ya Ilhan Omar, phungu wa ku Minnesota, ndi yabwino kuphunzitsira chifukwa ili pamalire. Mu Febuluwale 2019 analemba pa Twitter kuti nkhani yonse ndi ma Benjamin, kutanthauza ndalama ya pepala ya madola 100 yomwe ili ndi nkhope ya Benjamin Franklin, ndipo atafunsidwa kuti akulipira ndani anayankha kuti AIPAC. Atsogoleri a chipani chake anamudzudzula ndipo anapepesa, koma anapitiriza kunena kuti ndalama za onyengerera ndi vuto. Ife tikuona kuti funso lake linali loyenera, cholakwika chinali mawu oti "yonse". Anafufuta ovota achikhristu, makampani a zida ndi mbiri ya nkhondo, n'kusiya ndalama zokha, pamalo pomwe bodza lakale limakhala.

Musanayambe pulogalamu, khalani ndi manambala pafupi. Webusaiti ya OpenSecrets imasonkhanitsa ndalama za onyengerera ndi za zisankho, ndipo Federal Election Commission ili ndi malipoti enieniwo. Pali msampha umodzi: ndalama zolembedwa kuti n'zokomera Israel zimaphatikiza mabungwe otsutsana, kuphatikizapo J Street, lomwe linayamba mu 2008 ndipo limalimbana ndi AIPAC pa mfundo zambiri. Musaziwerenge ngati thumba limodzi.

Ku mpingo kwathu timapempherera Israel sabata iliyonse. Munthu wokonda Israel angakhalenso wodana ndi Ayuda? (M'busa, Ndirande)

Angathe, Abusa. Pulezidenti Richard Nixon wa America ndi amene anatumiza ndege zodzaza zida ku Israel mu 1973, koma matepi a mu ofesi yake ali ndi mawu ambiri onyoza Ayuda. John Hagee, yemwe anayambitsa Christians United for Israel mu 2006, bungwe lomwe limati lili ndi mamembala oposa 10 miliyoni, kuposa Ayuda onse a ku America, analalikirapo kuti Hitler anali mlenje amene Mulungu anamugwiritsa ntchito kuti Ayuda abwerere kwawo. Ulaliki umenewu utamveka mu 2008, John McCain, yemwe ankapikisana nawo pa upulezidenti, anakana thandizo lake pa kampeni. Mu Ogasiti 2019 Donald Trump anati Myuda wovotera chipani cha Democrat akusonyeza umbuli kapena kusakhulupirika, pamene pafupifupi Ayuda asanu ndi awiri pa khumi alionse amavotera chipanicho. Kuuza nzika ya America kuti iyenera kukhulupirika ku Israel ndi mlandu uja wa mapanga awiri, ngakhale wonenayo akumwetulira.

Pa guwa samalani ndi mawu oti Ayuda anadalitsidwa ndi nzeru za ndalama. Amamveka ngati chiyamiko, koma ndi bodza lomwe lija litavala suti.

Kuno ku Britain ndikuona ngati aliyense wodzudzula Israel amangomuti ndi wodana ndi Ayuda kuti atseke pakamwa. Si choncho? (Namwino, Leeds)

Zimachitikadi, ndipo Ayuda ena ndi amene amadandaula nazo kwambiri. Mkangano uli pa tanthauzo. Bungwe la IHRA, la mayiko okumbukira kuphedwa kwa Ayuda ndi a Nazi, linavomereza tanthauzo la chidani cha pa Ayuda mu 2016, ndi zitsanzo 11, ndipo 7 mwa izo zimakhudza Israel. Limanena lokha kuti kudzudzula Israel monga mmene mungadzudzulire dziko lina lililonse si chidani. Koma Kenneth Stern, amene anatsogolera kulemba mawuwa poyamba, wakhala akunena kuti anawalembera kuthandiza owerengera milandu ya chidani, osati kuweruzira zoyankhula za ophunzira m'mayunivesite. Mu 2021 akatswiri pafupifupi 200 anatulutsa lina, Jerusalem Declaration, lomwe limanena kuti kunyanyala katundu wa Israel kapena kutsutsa Zionism pakokha si chidani, koma kuimba mlandu Ayuda onse pa zochita za Israel ndi chidani. Akatswiri a ndale John Mearsheimer ndi Stephen Walt atalemba za mphamvu za mabungwe okomera Israel mu 2006, ena anawatcha odana ndi Ayuda ngakhale analemba momveka kuti sakunena za chiwembu chachinsinsi ndiponso kuti m'mabungwewo muli Akhristu ambiri. Ena anawatsutsa pa umboni, ponena kuti anakokomeza, ndipo kumeneko ndiko kutsutsa kothandiza.

Koma Mayi, mawu anu oti "aliyense" tikuwakana. Mu Okutobala 2020 bungwe loona za ufulu la EHRC linapeza kuti chipani cha Labour chinaphwanya lamulo posamalira madandaulo a Ayuda, ndipo chimodzi mwa zimene linatchula n'chakuti ena ankangoti madandaulowo ndi opeka. Munthu akakuuzani kuti mawu anu amulasa, mufunseni mawu ake ndi ati. Ngati ndi "Israel yapha anthu wamba ku Gaza", imani nawo ndipo bweretsani umboni. Ngati munati "anthu inu", konzani.

Makhoti amatha kusiyanitsa. Mu Febuluwale 2022 khoti lalikulu loona za malamulo ku South Africa linaweruza mlandu wa Bongani Masuku wa bungwe la apantchito la COSATU pa mawu anayi amene ananena mu 2009. Linapeza kuti amodzi okha, omwe anatchulamo Hitler, ndiwo anali olunjika kwa Ayuda ngati mtundu, ndipo linamulamula kupepesa. Atatu enawo, ngakhale anali aukali, linati sanafike pa mlandu umenewo.

Ndinamva kuti nkhondo ya ku Iraq ya 2003 anaiyambitsa ndi Ayuda a m'boma la Bush pofuna kuteteza Israel. (Msilikali wopuma, Kasungu)

Amene amanena zimenezi amatchula Paul Wolfowitz, Douglas Feith ndi Richard Perle. Atatuwa analimbikitsadi nkhondoyo ndipo ayenera kuyankha pa zimene analangiza. Netanyahu naye, yemwe pa nthawiyo sanali pa mpando, anauza aphungu a ku America mu 2002 kuti kuchotsa Saddam Hussein kudzathandiza dera lonselo. Koma pulezidenti anali George W. Bush, wachiwiri wake Dick Cheney, nduna ya chitetezo Donald Rumsfeld, mlangizi Condoleezza Rice, ndipo amene anakaikira umboni wa zida ku United Nations anali Colin Powell. Palibe Myuda mwa asanuwa. Munthu akadumpha mabwana onsewa n'kutola mayina atatu a pansi pawo, mufunseni chimene wawasankhira.

Mu Senate chilolezo cha nkhondo chinadutsa ndi mavoti 77 kwa 23 mu Okutobala 2002. Maseneta achiyuda anagawanika: Joe Lieberman ndi Chuck Schumer anavomera, pamene Carl Levin, Russ Feingold, Paul Wellstone, Barbara Boxer ndi Ron Wyden anakana. Ndipo mu 2007 bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup linapeza kuti Ayuda 77 pa 100 alionse ku America ankati nkhondoyo inali yolakwika, pamene mwa anthu onse a m'dzikolo anali 52 pa 100.